Mabuleki Akumbuyo a Malikebu

Panali munthu wina dzina lake Malikebu, amene anamanga nyumba yake m'mbali mwa phiri la Soche, kumtunda kwenikweni, kumene msewu ulibe malo athyathyathya. Ukangotuluka pa geti pake, kunali kukwera kapena kutsetsereka basi.

Munthuyu anakalambira pa chiwongolero cha malole. Anayenda maulendo a ku Beira ndi a ku Joni, ndipo lole ikamufera m'tchire sankadikira makaniko. Ankayala katoni pansi, n'kulowa kunsi kwa loleyo, n'kutulukako injini ikulira. Zimenezi ankazinena kawirikawiri, ndipo sankanama. Atapuma pa ntchito anagula galimoto yaing'ono ya magiya apamanja. Inali yakale ndithu, koma ankaisamala koposa thupi lake, ndipo panalibe munthu wina amene ankaloledwa kuiyandikira ndi sipanala.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Ndaziona. Anamutumiza ku sukulu ya unamwino, ndipo dera lonse linadziwa kuti mwana wa Malikebu adzavala zoyera, pakuti bamboyo ankauza aliyense, ngakhale wongomupatsa moni. Koma chaka chomaliza chisanathe, Ndaziona anabwera kunyumba ndi katundu wake yense, maso ali pansi. Anali woyembekezera. Mwini mimbayo anali Mayeso, mphunzitsi wa pulayimale ina ya kumunsi kwa phiri.

Mayeso sanakane, sanathawenso. Anatuma amalume ake kudzapepesa, ankhoswe anakhala pansi, ukwati unamangidwa monga mwa mwambo. Nankhoma, mkazi wa Malikebu, analira masiku ake n'kupukuta misozi. Aliyense anati nkhani yatha. Mumtima mwa Malikebu mokha ndi mmene sinathe.

Mkwiyo wake sunali wophulika lero n'kuzizira mawa. Unali wosungidwa bwino, wodzuka nawo m'mawa, wodya nawo, wopita nawo kutchalitchi n'kubwerako nawo. Dzina la mkamwini wake silinatulukepo pakamwa pake. Ankangoti "wa choko uja." Kwathu kuno mpongozi amalemekeza mkamwini, amamuti "inu." Malikebu ankamuti "iwe," ngati akukalipira mwana woba mango. Mayeso akapereka moni, iye ankayankha ndi mphuno. Akabweretsa nthochi, iye sankadya. Ndipo kufatsa kwa mkamwiniyo kunkamuwawa koposa chipongwe, chifukwa ankafuna mkangano koma sankaupeza.

Miyezi itakwana, Ndaziona anabwera kwa makolo ake kuti adzadikirire ali pafupi ndi amayi ake. Mayeso ankakwera phirilo tsiku ndi tsiku akaweruka, n'kukhala pakona pa khonde, n'kucheza ndi mkazi wake motsitsa mawu. Malikebu akamuona akulowa pa geti ankazimitsa wailesi n'kupita kuseri kwa nyumba.

Koma musaganize kuti munthuyu sankamukonda mwana wake. Ankamukonda kwambiri. Tsiku lina akutsika phiri anamva mawilo akumbuyo akulira ngati chitsulo chikukhula chinzake, ndipo anadziwa kuti mapadi a mabuleki atha. Anati mumtima: galimoto iyi ndi imene idzanyamule mwana wanga tsiku lake likafika, iyenera kukhala yokonzeka. Anatsikira m'tauni, anagula mapadi atsopano, ndipo Loweruka m'mawa anavala ovolosi yake yakale n'kutulutsa bokosi la zitsulo.

Anakweza galimoto ndi jeke, anachotsa tayala lakumbuyo, anamasula mabawuti, n'kusolola mapadi akalewo. Anali atapyapyala ngati chikhadabo. Tsono ntchito imeneyi ili ndi pamene imavutira. Kuseri kwa mapadi kumakhala pisitoni, kachitsulo kozungulira ngati kakapu, kamene kamatuluka n'kukankha mapadi kuti agwire chimbale cha wilo ukaponda buleki. Mapadi akamatha, pisitoniyo imanka ituluka. Kuti atsopano alowe, poti ndi okhuthala, uyenera kuyamba waibwezera mkati.

Malikebu anali ataichita ntchito imeneyi kambirimbiri ku mawilo akutsogolo. Kumeneko umangotenga kilampu, chitsulo chopanira chija amagwiritsa ntchito akalipentala, n'kumanga pang'onopang'ono, pisitoni n'kulowa yokha mwaulemu. Choncho anatenga kilampu yake, anaikoleka, anayamba kumanga.

Pisitoni sinasunthe.

Anamasula, anaikanso bwino, anamanganso. Sinasunthe. Anatsegula boneti n'kuvundukula kabotolo ka mafuta a mabuleki, poganiza kuti mwina mpweya ukukaniza. Anabwerera, anamanga ndi manja awiri mpaka mitsempha ya m'khosi inaima. Pisitoni inangokhala pomwepo. Dzuwa linakwera, thukuta linalowa m'maso, chala chinapanidwa n'kutuluka magazi. Anayamba kuitukwana galimotoyo, kutukwana amene anaipanga, kutukwana amene anamugulitsa.

Ndi nthawi imeneyo imene Mayeso analowa pa geti.

Anapereka moni kwa apongozi ake aakazi ndi kwa mkazi wake, amene anakhala pamphasa pakhonde akusankha nyemba. Kenako anaima chapatali, akuyang'ana nkhalamba ikulimbana ndi chitsulo. Anaima nthawi ndithu. Ankaoneka kuti akulimbana ndi mtima wake, anene kapena asanene. Potsiriza anayandikira, ananjuta pansi mwaulemu, manja ali pamodzi.

"Bambo, pepani, ndilankhulepo pang'ono."

Malikebu sanatembenuke.

"Galimoto ya ahedi kusukulu kwathu ndi yamtundu womwewu. Tsiku lina amakaniko ankaikonza pabwalo la sukulu ine ndili pomwepo. Anati pisitoni yakumbuyo siili ngati yakutsogolo, chifukwa handibuleki imadzera momwemo. Mkati mwake muli ngati bawuti ndi nati. Siikankhidwa chabe, imafuna kuipotokola uku mukukankha pang'ono. Mukaona pamaso pake pali timipata tiwiri togwirira. Iwo anali ndi chitsulo chake, koma anati ngakhale pulayazi yosongoka imatha. Anatinso ukaikakamiza umathyola zamkati."

Malikebu anayang'ana pisitoni ija. Timipata tiwirito tinalipo, tooneka bwinobwino. Anali atationa kuyambira m'mawa osatiganizira. Anayang'ana kuseri n'kuona waya wa handibuleki ukulowa pomwepo. Iye anali munthu wa zitsulo, sanafunike kuuzidwa kawiri. Nthawi yomweyo anadziwa kuti mawuwo ndi oona. Pulayazi yosongoka inali m'bokosi, pafupi ndi bondo lake, ndipo dzanja lake linali litayamba kale kulowera komweko.

Koma pakhonde paja nyemba zinali zitasiya kulira m'lichero. Amayi awiri aja ankamvetsera.

Dzanja lija linabwerera.

"Iwe," anatero Malikebu, mawu ali pansipansi. "Manja akowo anagwirapo chiyani kupatula choko? Ine ndayendetsa malole iwe usanabadwe. Ndamasula injini pakati pa tchire, mvula ikugwa, popanda wondiunikira. Unandichotsera mwana pasukulu, sizinakukwane. Lero wabwera kudzandiphunzitsa galimoto, pakhomo panga, pamaso pa mkazi wanga?"

"Ayi bambo, ine ndimangoti..."

"Ukaphunzitse ana a mamina kusukulu kwanuko. Choka apa!"

Mayeso anaimirira n'kubwerera m'mbuyo. Malikebu anapita kuseri kwa nyumba, anabwerako ndi paipi yachitsulo yaitali ngati mkono. Anailowetsa pa chogwirira cha kilampu kuti mphamvu ichuluke. Anaponda phazi pa mwala, anakoka ndi thupi lonse, ndipo mkwiyo wonse wa miyezi ija unapita pa paipiyo.

Mkati munamveka kuti thwa!

Pisitoni inalowa.

Malikebu anatembenuka, akupuma mwawefuwefu, nkhope ikunyezimira thukuta. "Waona? Yalowa kapena sinalowe? Amayi ake a Ndaziona, mwaona? Uzani aphunzitsi anuwa kuti yalowa!"

Mayeso anangoweramitsa mutu.

Tsono panatsala wilo linalo. Apa ndi pamene ndimafuna mumvetsetse. Malikebu anamva kulira kuja, ndipo khutu lake linkadziwa kusiyanitsa chitsulo chimene chagonja ndi chitsulo chimene chathyoka. Akanatha kudikira mkamwini achoke, n'kutenga pulayazi mwakachetechete, n'kupulumutsa mbali imodzi yokhayo. Koma Mayeso anali akadali pakhonde. Choncho anazungulira galimoto, anakweza mbali inayo, anakolekanso kilampu, analowetsanso paipi. Thwa! Anaika mapadi, anabwezera matayala, anatsitsa jeke, n'kusamba m'manja akuimba mluzu.

Madzulo, pabwalo patakhala zii, analowa m'galimoto yekha. Anaponda buleki yaphazi kangapo, ndipo inalimba bwinobwino. Mtima unakhala pansi pang'ono. Kenako anakoka handibuleki. Inakwera mopepuka mpaka kumapeto, ngati wakoka chingwe chosamangidwa kulikonse. Anaitsitsa, anaikokanso. Chimodzimodzi.

Anakhala m'menemo nthawi yaitali, manja ali pa chiwongolero. Ankadziwa chochita. Ankayenera kukafuna zitsulo zina, kapena kuitana makaniko. Koma makaniko akanabwera akanafunsa kuti wathyola ndani, ndipo akanafotokoza mokweza, pabwalo pomwepo, mawu omwe aja anatuluka pakamwa pa wa choko. Malikebu ataganiza zimenezo, mkwiyo unabweranso wonse. Sanakwiyire dzanja lake. Anakwiyira Mayeso, kuti akanakhala chete iye akanazizindikira yekha. Anasiya galimoto m'giya, anatola mwala n'kuuika kunsi kwa tayala.

M'mawa Nankhoma akusesa anauona. "Nanga mwala uwu, bambo a Ndaziona?"

"Ndi chizolowezi cha ife a malole. Sesani kwinako."

Mayeso nayenso anauona, ndipo anamvetsa. Sanalankhule ndi apongozi ake, koma anauza mkazi wake. Ndaziona anadikira tsiku limene bambo ake anaoneka okondwa, anawapatsa tiyi, n'kukhala pafupi nawo.

"Ababa, bwanji galimotoyi aione kaye amakaniko tsiku langa lisanafike? Kapena tingopangana ndi a taxi a kumunsiku, kuti inu musavutike."

Malikebu anaika kapu pansi mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira. "Wa choko uja wakutuma eti? Wakutuma kuti udzandinyoze? Ine ndili moyo, mwana wanga sadzakwera galimoto ya munthu wina kupita kuchipatala. Galimoto ili bwino. Ndaikonza ine."

Ndaziona anangopukuta tiyi uja. Ankawaopa bambo ake, komanso ankawakhulupirira. Kuyambira ali mwana sanaonepo chinthu chimene manja amenewo analephera kukonza.

Tsiku lake linafika Lamulungu masana, anthu atangobwera kumene kutchalitchi. Ndaziona anagwira chitseko n'kubuula, ndipo Nankhoma atamuyang'ana kamodzi anati, "Tiyeni, nthawi yakwana." Pakhomo panali piringupiringu. Nankhoma anamugwiriziza mwana wake mpaka pa mpando wakumbuyo, n'kukhala naye pomwepo. Malikebu analiza injini. Mayeso, amene anali atabwera kudzaona mkazi wake, anachotsa mwala uja, anathamanga kukatsegula geti, ndipo galimoto inatuluka n'kuloza kumunsi.

Malikebu anaima pamsewu, phazi lili pa buleki, kuti geti litsekedwe. Mayeso anatseka, anatola chikwama cha nsalu ndi beseni, anathamangira galimoto, anatsegula chitseko chakutsogolo n'kukhala pampando.

"Siya katunduyo utsike," anatero Malikebu.

"Bambo?"

"Ndati tsika. Galimoto yanga sukwera. Ubwera pa minibasi."

"Bambo a Ndaziona!" anakuwa Nankhoma kumbuyo. "Ino ndi nthawi yake? Tiyeni tizipita!"

Mayeso anayang'ana mkazi wake, amene anali ataluma nsalu chifukwa cha ululu. Kenako anayang'ana apongozi ake aamunawo m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Pepani bambo, lero lokha sinditsika. Uyu ndi mkazi wanga, ndipo mwana akubwerayu ndi wanga. Mudzandikalipire tikafika."

Malikebu anaona mdima. Miyezi yonseyi ankafuna kuti munthuyu amuyankhe, ndipo lero wamuyankha. Anachotsa giya. Dzanja lake linakoka handibuleki lokha, monga linkachitira zaka zonse za moyo wake, mutu osalifunsa. Anatsegula chitseko, anatsika, anazungulira kumbuyo kwa galimoto, anamugwira Mayeso pakolala n'kumukokera kunja. Onse awiri anagwera m'fumbi.

Galimoto inayamba kuyenda.

Poyamba inkayenda pang'onopang'ono, mopanda phokoso, zitseko ziwiri zili pululu. Nankhoma ndiye anayamba kukuwa. Mayeso anadziphwatula m'manja mwa apongozi ake, malaya n'kung'ambika, anathamanga. Anagwira chitseko ndi nsonga za zala, chinamupulumuka, anagwa chafufumimba pa miyala. Malikebu anadzuka n'kuthamanga nayenso, koma miyendo ya nkhalamba ingapikisane ndi phiri? Anangoona galimoto yake ikunka ichepa, ikudumpha m'mabampu, ndi nkhope ya mkazi wake pagalasi lakumbuyo, pakamwa pali yasa.

Kumunsi msewu umakhota, ndipo pokhoterapo pali ngalande yakuya yomangidwa ndi miyala. Amayi ogulitsa tomato pamenepo anamwazikana, wina atakoka mwana wake padzanja. Galimoto sinakhote. Inadumpha m'mphepete, inalowetsa mutu m'ngalande, n'kumenya khoma. Phokoso lake linamveka mpaka kumtunda.

Malikebu pofika anapeza anthu atadzaza kale. Nankhoma anali atamukumbatira mwana wake ndi thupi lonse galimoto isanamenye, ndipo mkono wake unali utathyoka, nkhope ili magazi okhaokha. Ndaziona sankakuwanso. Ankangobuula, ndipo chitenje chake chinali chitanyowa magazi. Anyamata anaimitsa galimoto ina yonyamula njerwa imene inkadutsa, anayala zitenje pamwamba, anawakweza onse awiri. Mayeso anakwera, mawondo ali osupuka, n'kuika mutu wa mkazi wake pamiyendo pake.

Malikebu anagwira m'mbali kuti akwere nawo.

"Inu ayi," anatero Nankhoma.

Ananena motsitsa, koma aliyense anamva. Galimoto ya njerwa inanyamuka, iye n'kutsala pamsewu. Anthu anamuzungulira. Chachitika n'chiyani, bambo? Mabuleki aduka? Munthu wina anasuzumira m'galimoto yophwanyikayo n'kunena kuti, "Koma handibuleki ndi yokoka iyi!" Malikebu anangoti, "Ndi mkamwini wangayu. Amakakamira zinthu." Atatero anayamba kuyenda wapansi kulowera kuchipatala.

Anafika dzuwa litapendeka. Anapeza Nankhoma atakhala pa benchi m'khonde la chipatala, mkono uli m'chikhakha, chipumi chili chosokedwa. Ndaziona anali atamuchita opaleshoni. Mwana anatuluka wamoyo, wamwamuna. Mayi wake nayenso anapulumuka, koma magazi anakana kusiya, ndipo kuti amupulumutse madokotala anachotsa chiberekero. Mwana ameneyo ndiye anali woyamba ndi wotsiriza.

Nankhoma anamuuza zonsezi osamuyang'ana. Atamaliza anatembenuka.

"Ndikufunseni chinthu chimodzi, bambo a Ndaziona. Munkadziwa kuti handibuleki ija siigwira?"

"Akanangotsika pamene ndinamuuza..."

"Sindikufunsa za iye. Ndikufunsa inu. Munkadziwa?"

Malikebu anayang'ana pansi.

Pamenepo mayi uja, amene pa ukwati wawo wonse anali asanakwezepo mawu kwa mwamuna wake, anaimirira ndi mkono wake wothyokawo, ndipo anthu onse a m'khondemo anatembenuka.

"Munkadziwa! Munatikweza m'menemo mukudziwa! Mwana wanu yemwe, ali ndi mwana m'mimba! Mwakhala mukulira kuti Mayeso anamuonongera tsogolo, Mayeso anamuonongera tsogolo. Sukulu akanabwererako chaka chamawa, ine ndikanalera mwanayo. Nanga ichi mwamuchotsera inuchi, chidzabwerera chaka chiti? Mundiuze! Mnyamata uja anakugwadirani pansi, anakuuzani zoona mwaulemu, ine ndikumva ndi makutu angawa. Inu munasankha kuthyola galimoto yanu yomwe kuti iye asaoneke wolondola. Mwapambana tsono. Kondwani!"

Namwino anabwera kudzamukhazika pansi. Malikebu anatuluka panja.

Ndaziona atatuluka m'chipatala sanabwerere kwa bambo ake. Anapita kunyumba kwa mwamuna wake, kumunsi kwa phiri, ndipo Nankhoma anapita naye kukamusamalira. Malikebu anatsala yekha m'nyumba yaikulu ija. Ankadziphikira, ankadzichapira. Kwa aliyense womufunsa ankafotokoza nkhaniyo mofanana: kuti mkamwini wopanda mwambo anakana kutsika. Anainena kambirimbiri mpaka anatsala pang'ono kuikhulupirira.

Koma mdzukulu ankamufuna. Ankamva kwa anthu kuti mwanayo wanenepa, kuti wayamba kuseka, kuti ali ndi chipumi ngati cha agogo ake aamuna. Tsiku lina anasamba, anavala jekete, anagula kabulangete ka mwana, n'kutsika phiri. Atafika pafupi ndi nyumbayo anaima pamsewu, osagogoda, osaodira.

Mayeso anamuona pawindo n'kutuluka. Anabwera mpaka pamsewupo, ananjuta pansi monga kale.

"Takulandirani, bambo. Lowani mudzamuone mdzukulu wanu."

Malikebu anayang'ana kumbali, ndipo Mayeso anapitiriza.

"Ine ndilibe nanu mawu, zanga ndinazisiya. Koma Ndaziona wandituma. Akuti khomo ndi lotsegula, mpando wakuikirani kale. Akungopempha chinthu chimodzi, kuti mukalowa amve kuchokera pakamwa panu chimene chinachitika ndi galimoto ija. Akuti sakufuna kukukalipirani. Akungofuna bambo ake amuuze zoona."

M'nyumbamo mwana analira, kenako anatonthola. Pakhomo nsalu inagwedezeka, ndipo Malikebu anadziwa kuti mwana wake waima kuseri kwake, akumvetsera. Mawu ofunikawo anali ochepa, ndipo anali nawo. Anatsegula pakamwa. Koma maso ake anagwera pa munthu wonjuta patsogolo pakeyo, ndipo chimene chinatuluka ndi ichi:

"Iwe ukanangotsika."

Nsalu ya pakhomo inasiya kugwedezeka. Patapita kanthawi, chitseko chinatsekedwa mwakachetechete kuchokera mkati. Malikebu anaima pamenepo pang'ono, kabulangete kali kukhwapa. Kenako anatembenuka n'kuyamba kukwera phiri.

Tsono inu amene mwakhala apa, musapukuse mitu ngati nkhaniyi ndi ya munthu wakutali. Pafupifupi aliyense wa inu ali ndi munthu wake amene safuna kumva mawu ake: mkamwini, mlamu, mkazi mnzake, mwana amene anakukhumudwitsani. Mwina anakulakwiranidi, sindikukana. Koma munthu amene anakulakwirani dzulo angathe kukuuzani zoona lero, ndipo zoonazo sizisanduka bodza chifukwa chakuti mumadana ndi pakamwa pamene zatulukira. Malikebu sanalakwe chifukwa chosadziwa, ayi. Kusadziwa kunatha pamene anauzidwa. Zonse zimene anachita pambuyo pake anazichita akudziwa, ndipo mpata wobwerera anapatsidwa kangapo, mpaka tsiku lomaliza lija pamsewu.

Mumati mkwiyo wanu mukulanga nawo mdani wanu. Onani bwino amene anathyoka mkono, ndi amene anagona pa tebulo la opaleshoni. Sanali mdani. Anali anthu amene anakwera osafunsa, chifukwa ankamukhulupirira woyendetsa. Inunso muli nawo otere kunyumba kwanu, ndipo akwera kale.

Ngati pali mawu oona amene munawakana chifukwa cha mwini wake, inu mukuwadziwa, sindikufunika kukukumbutsani. Nyamukani mupite kwa munthuyo, mukamutchule dzina lake, mukamuuze kuti ananena zoona. Kuchita zimenezo kumawawa, koma sikuchotsa munthu chiwalo.